Nkhope ya Mkazi Wanga pa Kanema Wamkulu

Mkazi wanga sankakonda kujambulidwa. Munthu akamulozetsa foni ankatembenuka, kapena kukweza nsonga ya mpango n'kubisa pakamwa, akunena kuti, "Kajambuleni mbuzi uko, ndizo zilibe chochita." Zithunzi zake zomwe tinali nazo, cha pa ukwati wathu ndi china cha pa ubatizo wa mwana wathu woyamba, zinapita ndi madzi chaka chomwe mtsinje unalowa m'mudzi mwathu kwa Mlolo n'kugwetsa nyumba. Sindinazidandaule. Mwini nkhopeyo ndinali naye pamsasa pomwe tinathawira, akulira mbewu yake ya mapira yomwe inanyowa.

Anamwalira patapita zaka zochepa, m'nyengo yotentha, atangodwala pang'ono. Miyezi yoyamba nkhope yake inkandibwerera yokha, ngakhale pomwe sindinkaifuna. Kenaka ndinayamba kuona kuti ikundithawa. Mawu ake ndinkawakumbukira bwino, mayendedwe akenso, ndi mmene ankakhalira pakhonde atatambasula miyendo akusankha thonje. Koma ndikati ndione nkhope, inkabwera mbali imodzi: chipumi chopanda maso, kapena pakamwa pokha. Sindinauze munthu aliyense. Ndinkangopempha Mulungu kuti andisiyireko, popeza mwiniwakeyo anali atamutenga kale.

Mwana wanga wamkazi, amene amagulitsa nsalu pa msika wa ku Chikwawa, ndiye anabwera ndi nkhani ya kanema. Anafika kumudzi masana, asanakhale n'komwe pansi anatulutsa foni.

"Ababa, pukutani maso. Ndakubweretserani mlendo."

Kanemayo anali wa tsiku la zopereka za masika ku tchalitchi kwathu. Amayi a mu mpingo ankalowa pamzere akuvina, atasenza zokolola. Anajambula ndi mphunzitsi wina amene anasamuka kalekale, ndipo foni yomwe anajambulirayo akuti inaonongeka. Kanema anatsala m'mafoni a anthu ena, uyu kutumizira uyu, uyu kutumizira wina, mpaka anafika kwa mwana wanga. Pakati pa mzerewo panali mkazi wanga, atasenza lichero la mbatata. Sankadziwa kuti akujambulidwa. Pamalo ena anatembenuka n'kuseka ndi munthu wina amene sankaoneka, kenaka mayi wa kumbuyo kwake anamutchinga. Basi, pomwepo.

Pa foni ankaoneka bwino ndithu. Mitundu ya chitenje chake inali yowala, phewa lake likuponyedwa monga ankachitira povina. Koma nkhope inali yaing'ono ngati njere ya mtedza. Ndinasendeza foniyo kufupi ndi mphuno, n'kuibwezanso kutali, osaipeza.

"Taikulitsa pang'ono," ndinatero.

Anaika zala ziwiri pagalasi n'kuzitambasula. Nkhope inakula, koma inasungunuka ngati mchere m'madzi. Anabwezeretsa, inakhalanso bwino, koma yaing'ono.

"Musadandaule, Ababa. Achimwene ati pa chiliza abweretsa tivi yaikulu. Mudzawaona amayi ngati aima pakhomo pano."

Mwambo wovundukula chiliza cha mkazi wanga unali utakonzedwa kuti udzachitike tikatha kukolola. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuudikira mwanjira yomwe sindinkafuna kuivomera ngakhale m'pemphero. Anthu ankaganiza kuti ndikuganizira za simenti ndi chakudya cha alendo. Ine ndinkadikira nkhope.

Mwana wanga wamwamuna amagwira ntchito ku Blantyre. Ndi mwana wabwino, wokonda kuchita zinthu mokwanira, ndipo imfa ya mayi ake inamupeza ali kutali, zomwe zimamupwetekabe. Anatsika ndi tiviyo kudakali masabata angapo, n'kuifikitsira kwa mlongo wake ku Chikwawa komwe kuli magetsi. Anandiitana kuti ndikaone. Inali yaikulu ngati chitseko chogonekedwa chammbali. Poyesa anayamba waika mpira, ndipo ndinadabwa: udzu wa pabwalo unkaoneka umodziumodzi, thukuta likutsika m'khosi mwa wosewera. Ndinati ngati ikuonetsa thukuta la munthu wosamudziwa, nanga nkhope ya mkazi wanga?

Anandiikira mpando kufupi kwenikweni, poti ndikanatha kukhudza galasi ndi dzanja.

"Khalani apa, Ababa, musaphonye kanthu."

Amayi aja analowa akuvina, nyimbo ikumveka bwino. Koma sanali anthu. Anali timabokosi ta mitundumitundu tosanjikizana ngati khoma la njerwa losapaka. Mkazi wanga atatembenuka, njerwazo zinasuntha n'kupakana, pomwe panayenera kukhala maso panali mabala awiri akuda, pakamwa pali chinthu choyera chopanda malire. Mwana wanga anabwereza, anadina apa ndi apo pa rimoti, sizinasinthe.

"Ndiye chitseko chonsechi mwagulira kuti tizionera njerwa?" anatero mlongo wake.

"Iwe, vuto si tivi. Tiviyi ndi yabwino kuposa zonse m'boma muno."

"Ee, tawaona anthu a mpira aja. Kapena amayi akanavala kabudula."

Anakwiya pang'ono, koma anatembenukira kwa ine n'kundifotokozera modekha. Anati chithunzi chilichonse ndi timadontho tambirimbiri. Kanema akamatumizidwa kuchoka pa foni kupita pa ina, timadontho tina timatayidwa kuti apepuke, ndipo uyu anadutsa m'manja ambiri. Pa foni timadontho totsalato timathithikana pamalo aang'ono, diso silingaone mipata. Pa tivi yaikulu ndi tomwe tija, koma tatambasulidwa.

"Zili ngati neti yogonamo, Ababa. Mukaiona pataliko imaoneka ngati nsalu. Mukaika diso pafupi mumaona mabowo okhaokha."

Ndinamva mawuwo, koma sindinawatsatire mpaka kumapeto kwake. Iyenso sanawatsatire. Tonse tinali ndi maganizo akuti chinthu chofunika umachiyandikira. Iye anali ataganiza kale zina. Anati ku Blantyre kuli munthu amene ali ndi kompyuta yotsuka makanema akale, amawabwezera zonse zomwe zinatayika. Anatenga kanemayo n'kukwera naye minibasi.

Anabweranso kutatsala pang'ono kuti mwambo uchitike, nkhope yake ili yowala. Tinakhalanso m'nyumba ya mlongo wake, ine pampando womwe uja. Ulendo uno kunalibe njerwa. Maluwa a pa zitenje ankaoneka ndi masamba ake, mbatata za m'lichero zili ndi dothi. Mayi wa pakati pa mzere atatembenuka, mwana wanga anaimitsa kanema.

Pagalasi panali nkhope ya mayi wokongola, wa masaya osalala, mano oyera ondondozana bwino, maso owala akuyang'ana chakuno. Mpango unali wa mkazi wanga. Lichero linali lake.

Mkazi wanga anali ndi mphini m'masaya onse awiri, timizere tating'ono tomwe anamutema ali mtsikana kwawo kutsidya kwa mtsinje, ku Mozambique. Analinso ndi dzino lakutsogolo lobenthuka pang'ono, n'chifukwa chake ankabisa pakamwa. Pa nkhope ya pagalasiyo panalibe mphini, ndipo dzino linali lathunthu.

"Amayi awo, Ababa," anatero mwana wanga, misozi ili m'maso. "Abwerera."

Mlongo wake anayang'ana nthawi yaitali. "Akongola," anatero, n'kutuluka kukaona moto.

Ndinafunsa funso limodzi lokha. "Makinawo adziwa bwanji zomwe zinatayika?"

"Amayerekeza. Anaona nkhope zambirimbiri za anthu, ndiye amadziwa mmene nkhope imakhalira."

"Ya amayi ako anaionapo?"

Anaseka, poganiza kuti ndikucheza. Ine sindinapitirize. Sichinali chifukwa chomumvera chisoni chokha. Chomwe chinanditseka pakamwa ndi mantha. Nkhope ya pagalasiyo inali yomveka bwino, ya m'mutu mwanga inali yodukaduka. Ndinayamba kudzifunsa ngati mphini zija zinkaoneka kwambiri monga ndinkaganizira, kapena zinali zitazimirira ndi ukalamba ine osazindikira. Mwamuna amene wakhala ndi mkazi moyo wake wonse, n'kumakayika pamaso pa chithunzi ngati ndi iyeyo kapena ayi, alibe poyambira kutsutsa mwana wake. Ndinabwerera kwa Mlolo.

Tsiku la mwambo kunabwera anthu ambiri. Pakati pawo panali alamu anga, mkulu wake wa mkazi wanga, amene anaoloka pa bwato kuchokera kutsidya. Ndi gogo wamng'ono thupi, wakamwa lakuthwa, wolankhula Chisena ndi Chimang'anja mosakaniza monga momwe zamufikira. Ine ndi iwo takhala tikunyogodolana kuyambira tsiku lomwe ndinakafunsira mbeta.

"Alamu, mwauma ngati nsomba ya pa thandala," anatero atandiona. "Palibe wokuphikirani?"

"Ndimadikira inu, koma mwachedwa."

"Ine? Ndingafe ndi mapemphero anu aataliwo."

Kumanda, komwe kuli pamtunda poti madzi safika, zonse zinayenda bwino. Abusa anapemphera, nsalu inachotsedwa pa chiliza, tinaimba. Kenaka tinapita ku tchalitchi kukaonera kanema. Amayi anali atatchinga mazenera ndi zitenje kuti mukhale kamdima, jenereta ikulira kuseri. Tivi inaikidwa pa tebulo kutsogolo.

Kwathu kuno mwini maliro sakhala pena paliponse. Akulu a mpingo anandigwira mkono n'kundipititsa kutsogolo kwenikweni, pa mpando wa manja womwe amakhalapo abusa ochokera kutali, pakati pa akuluakulu awiri. Ndi ulemu, ndipo ulemu sukanidwa pamaso pa anthu. Tivi inali patsogolo panga penipeni. Alamu anga anakhala pa mphasa chakumbali pamodzi ndi amayi achibale, anthu ena onse atadzaza mabenchi mpaka kukhomo.

Mwana wanga wamwamuna analankhula mawu ochepa othokoza, n'kuyatsa kanema wotsukidwa uja. Anthu anang'ung'udza modabwa ndi kuwala kwake. Atafika pomwe mayi uja akutembenuka, anaimitsa monga anachitira ku Chikwawa, kuti aliyense aone bwino.

"Uyu mbani?"

Anali alamu anga, akufunsa m'Chisena kuti ameneyu ndani. Sananong'one.

"Ndi amayi, mayi aakulu," anayankha mwana wanga.

"Nkhabe. Ayi." Anadzigwira m'masaya ndi zala zonse. "Ine ndi mng'ono wanga anatitema tsiku limodzi, lumo lake limodzi. Iye analira mpaka mbuzi zinathawa, ine sindinalire. Ndiye zake zapita kuti? Dzino lija anathyola ndi mzimbe, wamuika lina ndani?" Anatembenukira kwa ine. "Alamu, munakwatira wina osatiuza? Mwatiitanira kudzaona mkazi wanu watsopano?"

Anthu ena anaseka, koma kusekako kunafera m'njira. Onse ankayang'ana ine. Mwana wanga anaima pambali pa tivi, rimoti ili m'manja, nkhope itagwa ngati ya mwana wogwidwa ndi mphunzitsi. Ndinamumvera chisoni kwambiri. Anachita zonsezi chifukwa chokonda mayi ake. Komabe mumtima mwanga munalinso mpumulo, chifukwa mawu a alamu anga anandibwezera chomwe ndinkakayika. Mphini zinalipo. Sindinazilote.

"Mwananga," ndinatero, "ika wakale uja."

Anawerama n'kundinong'oneza. "Ababa, wakale ndi woonongeka. Anthu atiseka."

"Ika."

Anaika. Nyimbo inayamba, ndipo patsogolo panga panabweranso khoma la njerwa lija, likugwedezeka. Ndinaweramitsa mutu, ndikudikira kuti anthu ayambe kudandaula.

Mawu oyamba anachokera kumbuyo kwenikweni, kufupi ndi khomo. Mayi wina anafuula, "Ndi iwowo! Taonani akuseka!" Wina anayamba kulira mokweza. Kenaka amayi a kumbuyoko anailandira nyimbo ya m'kanemayo n'kuyamba kuimba nawo, ena akutchula mayina a anzawo omwe ankawaona pamzere. Kulirako kunayenda kuchokera kukhomo kubwera chakutsogolo, benchi ndi benchi, n'kudzaima penapake kumbuyo kwanga. Ife a kutsogolo tinkangoyang'anizana. Mkulu wa kumanzere kwanga anavula magalasi, kuwapukuta, n'kuwavalanso.

Apo m'pomwe ndinamvetsa za neti yogonamo zija. Ndinagwira manja a mpando kuti ndiimirire ndipite kukhomo. Mkulu wa kumanja kwanga anaganiza kuti chisoni chandigonjetsa ndipo ndikufuna kuthawira panja. Anaika dzanja lake pabondo langa n'kulikanikiza.

"Limbani mtima, bambo. Khalani. Anthu akuyang'ana inu."

Ndinakhala. Kanemayo ndi wamfupi. Mkazi wanga anatembenuka, anaseka, anatchingidwa, ndipo tchalitchi chonse cha kumbuyo kwanga chinamuona. Ine mwamuna wake, amene anandipatsa malo abwino koposa, ndinaona njerwa. Abusa anaimirira n'kutseka ndi pemphero, ndipo sindikukumbukira liwu ndi limodzi lomwe la pemphero limenelo.

Anthu atapita kukadya ndinabwerera m'tchalitchi. Mwana wanga anali yekha, akukulunga mawaya. Sanandiyang'ane.

"Usazimitse jenereta," ndinatero. "Ikanso."

Sanafunse kuti uti. Ndinayamba kuyenda chobwerera m'mbuyo pakati pa mabenchi, maso ali pa tivi, dzanja likupapasa mitu ya mabenchi. Iye ankabwereza malo omwe aja. Njerwa zinayamba kuchepa, m'mphepete mwake mukufewa, kenaka zinayamba kugwirana. Nditadutsa pakati pa tchalitchi, mabala akuda aja anasanduka maso. Ndinapitirira pang'ono, ndipo anali iye. Sanali womveka bwino ngati mayi wa masaya osalala uja. Anali ngati munthu amene ukumuona kutsidya kwa bwalo dzuwa likuswa mtengo, koma sungamusokoneze ndi wina. M'masaya munali kamthunzi pomwe panali mphini. Kaya kamthunziko kanalidi pagalasi kapena ndinkakaikapo ndine, sindikudziwa.

Ndinabwereranso m'mbuyo kufika pakhomo pomwe panaima amayi aja, poganiza kuti kumeneko aoneka bwino koposa. Koma kumeneko maso anga sanafike. Zonse zinachita chifunga. Ndinayenera kubwerera kutsogolo pang'ono, mpaka pa benchi lomwe ndinamuonerapo lija.

Mwana wanga anabwera n'kuima pambali panga. Tinaonera limodzi, kanema akubwerezabwereza.

"Kuno ndiye akuoneka," anatero motsitsa mawu.

Patapita kanthawi anandiuza zomwe zinkamulemera. Kanema wotsukidwayo anali atamutumiza kale kwa abale onse, a ku Nsanje, a ku Blantyre, ndi a kutsidya omwe ali ndi mafoni. Analinso atasindikiza chithunzi chachikulu kuchokera pa nkhope yomweyo, ndipo chinali chitapachikidwa kale pabalaza kunyumba kwake.

"Ndikayang'ana wakaleyu ndimaona kuti amayi akutha, Ababa. Ndikayang'ana chinacho ndimaona ali bwino."

Sindinamuuze kuti akachitsitse, ndipo mpaka lero sindinamuuze. Aliyense amanyamula maliro ake mmene angathere. Koma ana ake, omwe agogo awo sanawadziwe bwino, akukula akuloza mayi wa masaya osalalayo n'kumati ndi agogo. Nditapita kukawaona ndinagona pabalaza pomwepo, ndipo m'mawa nditatsegula maso chinthu choyamba kuona chinali nkhope imeneyo. Kuyambira pamenepo, nthawi zina ndikatseka maso popemphera, ndiyo imayamba kubwera, chifukwa ndi yomveka bwino kuposa yeniyeni. Ndimachita kuitema mphini ndekha, tsaya ili kenaka linalo, ndi kubenthula dzino, kuti ikhale ya mkazi wanga. Masiku ena zimatheka.

Tivi ija anamusiyira mlongo wake ku Chikwawa. Ndikapitako amadziwa chomwe ndadzera. Balaza lake ndi lalifupi, choncho amatembenuzira tiviyo kukhomo, n'kutsegula chitseko, ine n'kukaima panja pabwalo. Anthu odutsa amaona nkhalamba itaima padzuwa ikuyang'ana m'nyumba ya mwana wake ngati yothamangitsidwa. Mwana wanga amati, "Ababa, anthu aziti ndimakumanani mpando." Ndimamuuza kuti awauze kuti ndikuotha dzuwa.

Pabwalopo pali malo amodzi pomwe amaonekera. Ndikayandikira, nkhope imabalalika. Ndikatalikira, maso anga safika. Poyamba malowo anali otakasuka, ndinkatha kusuntha uku ndi uku. Chaka chino ndaona kuti apanikizika, ndipo masiku ena ndimawafunafuna osawapeza. Kuchipatala anandiyeza n'kundiuza kuti ndili ndi ng'ala m'maso onse awiri, koma ikhoza kuchotsedwa. Ana anga akondwa, ndipo ndavomera.

Ndinamuimbira mwana wanga wa ku Blantyre kumufunsa ngati ng'alayo ikachoka ndidzawaone bwino amayi ake. Ulendo uno sanafune kundisangalatsa.

"Njerwa zija mudzayamba kuziona muli patali kuposa panopa, Ababa. Mudzafunika kubwerera m'mbuyo kwambiri. Koma mukabwerera, maso adzafika."

"Nkhope sidzachepa?"

"Idzachepa."

Ulendo wotsatira nditapita ku Chikwawa sindinapemphe kuti ayatse tivi. Ndinaima pakhomo n'kuyenda molunjika mpaka pomwe bwalo la mwana wanga likuthera. Si patali. Pamenepo pali mpanda wa bango wa anthu oyandikana nawo, wautali kuposa ine. Ndinautsamira msana n'kuyang'ana kukhomo, koma ndi maso omwe ndili nawo panopa sindikanadziwa ngati mtundawo udzakwane.